Minibasi yagunda alamu anga, mwini wake akuti timalizirane patokha: tiyambire pati?

Nangozo

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za inshuwalansi ya galimoto. Alamu anga anagundidwa ndi minibasi pamsewu wa M1, pakati pa Dedza ndi Ntcheu, miyezi iwiri yapitayo. Iwo amayendetsa kagalimoto kawo, ndipo minibasiyo imapitirira lole pokhota n'kudzawapeza kumbali kwawo. Fupa la ntchafu linathyoka, anawaika chitsulo, moti pano akuyendera ndodo ndipo geni yawo yopikula mbatata ya kachewere yaima. Galimoto yaphwanyika kutsogolo konse, ndipo inshuwalansi yake ndi ya third party basi.

Apolisi anapeza kuti wolakwa ndi dalaivala wa minibasi, ndipo analipira chindapusa. Tsopano mwini minibasi watumiza mawu oti atipatse ndalama yokonzetsera galimoto ndi kangachepe kopepesera, tisainirane kalata yoti nkhani yatha, a inshuwalansi asalowepo. Kubanja ena akuti tingolandira poti a inshuwalansi amazengereza. Kodi tilandire? Ngati ayi, tiyambire pati, ndipo chipukuta misozi amachiwerengera bwanji?

Chisale

Pepani ndi zovutazo, a Nangozo. Kalata yoti nkhani yatha isasainidwe pakali pano. Munthu wothyoka ntchafu pa miyezi iwiri sanadziwe n'komwe kuti mwendo uchira motani, ndiye sangagulitse ufulu wake pa mtengo umene sakuudziwa.

Choyamba timvetsetsane za third party, chifukwa ambiri amasokonezeka apa. Inshuwalansi ya alamu anu siwalipira iwowo, kaya pa mwendo kaya pa galimoto. Ntchito yake ndi kulipira anthu ena amene iwo angawavulaze kapena kuwawonongera katundu. Pa ngozi iyi amene ayenera kulipira ndi kampani imene inapereka inshuwalansi ku minibasi ija. Chindapusa chimene dalaivala analipira chinapita ku boma, sichikukhudzana ndi chipukuta misozi.

Ndiye ntchito yoyamba ndi kudziwa dzina la kampaniyo ndi nambala ya policy (mgwirizano wa inshuwalansi), komanso kutsimikiza kuti inali ikugwira ntchito pa tsiku la ngozi. Zimenezi nthawi zambiri zimalembedwa pa lipoti la apolisi, koma musakhutire ndi zolembedwazo. Pitani ku ofesi ya kampaniyo ndi nambala ya minibasi ndi tsiku la ngozi, akuuzeni okha. Mwini galimoto akamathawa inshuwalansi pamakhala chifukwa. Mwina akungoopa excess (gawo la ndalama limene mwini policy amalipira yekha) ndi kukwera kwa ndalama yolipira chaka chamawa, zimene si vuto lanu. Koma mwinanso policy inali itatha, kapena ndalama yake sinalipidwe, kapena disiki imene ili pagalasi ndi yachinyengo, kapena dalaivala analibe chilolezo choyendetsera galimoto yonyamula anthu, kapena COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, inali itatha. Muyenera kudziwa kuti ndi chiti mwa izi musanayambe kukamba za ndalama.

Lipoti la apolisi mukatenge ku polisi imene inagwira nkhaniyo. Limalipiridwa, ndipo mutenge risiti ya boma chifukwa ndalama imeneyo imabwezedwa pa chipukuta misozi. Muliwerenge musanachoke pa kauntala: dzina la alamu anu lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika, manambala a galimoto zonse ziwiri akhale olondola, tsiku ndi malo zikhale zoona, ndipo pakhale polembedwa amene apolisi anamupeza wolakwa. Chilembo chimodzi cholakwika pa nambala ya galimoto chimabweza fayilo yonse, ndipo kukakonzetsa pambuyo pake kumadya masabata.

Lipoti la kuchipatala ndiye mtima wa nkhani yonse. Alembe ndi dokotala wa chipatala chimene anathandizidwako, potengera fayilo yawo. Lifotokoze chimene chinathyoka, opaleshoni imene inachitika, masiku amene anagonekedwa, ndiponso kuchuluka kwa ulumali umene utsalire, umene amaulemba mu maperesenti. Peresenti imeneyi musaithamangire. Fupa la ntchafu limatenga miyezi ingapo kuti ligwirane, ndipo pokhapo ndi pamene zimaoneka ngati mwendo wafupika, ngati bondo lauma, kapena ngati chitsulo chidzafunika kuchotsedwa ndi opaleshoni ina. Lipoti lolembedwa mofulumira limangoti wathyoka fupa, zina zonsezo osatchula, ndipo kampani imalipira zimene zalembedwa basi. Sungani buku la kuchipatala, zithunzi za X-ray, kalata yotulutsira m'chipatala, ndi marisiti onse: mankhwala, ndodo, mafizo, ngakhale galimoto yahayala yopitira ku chipatala. Kumene sapereka risiti, wolandira ndalama alembe papepala n'kusaina.

Mukasonkhanitsa zimenezi lembani kalata yopempha chipukuta misozi ku kampani ya inshuwalansi ya minibasi. Musadikire lipoti lomaliza la dokotala kuti muwadziwitse. Adziwitseni tsopano, n'kunena kuti lipoti lomaliza likubwera. Kalatayo ikhale pawiri, ina adinde chidindo cha tsiku ndipo mubwerere nayo. Perekani mafotokope, zenizeni zikhale kwa inu. Funsani nambala ya claim ndi dzina la amene akuyendetsa fayilo. Kampani idzafunanso kuti mwini minibasi adzanene yekha za ngoziyo ndi kudzaza fomu yawo, ndipo eni ena amakana dala kuti nkhani iime. Zikatero kampani imulembere yokha, inu musasanduke mthenga wake.

Galimotoyo musaikonzetse ndipo musachotsemo kanthu mpaka assessor wa kampani, munthu woyesa kuwonongeka kwa galimoto, aione. Ijambuleni mbali zonse, nambala ikuoneka, ndipo pezani makotesheni a magalaja awiri kapena atatu. Risiti ya galimoto yokoka isatayike.

Mbewe

A Chisale afotokoza bwino za mapepala. Ine ndiwonjezere za malamulo, makamaka za nthawi, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amaluzira nkhani yomwe inali yowina.

Gawo 148 la Road Traffic Act limapatsa munthu wovulala mphamvu yosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, m'dzina lake, ngakhale si iye amene anagula policy. Koma mphamvu imeneyo imatha pakadutsa zaka ziwiri kuchokera tsiku la ngozi. Kusumira dalaivala ndi mwini galimoto pa nkhani ya kuvulala, Limitation Act imapereka zaka zitatu. Kulemberana makalata ndi kampani sikuimitsa nthawiyi. Mawu oti "fayilo yanu tikuiona" sakuimitsanso. Chimene chimasunga ufulu wanu ndi chisamani chimene chalowa ku khoti nthawi isanathe. Choncho lembani penapake tsiku la ngozi, ndipo ngati chaka chikutha popanda chomveka, nkhani ipite ku khoti. Kukambirana kumapitirira ndithu ngakhale mlandu utalowa, ndipo ku High Court milandu yambiri yotere imayamba yadutsa pa mkhalapakati isanafike pozengedwa.

Posuma muphatikize onse atatu: dalaivala, mwini minibasi ngati bwana wake, ndi kampani. Chifukwa chake n'chakuti kampani imalipira mpaka pa malire amene ali mu policy. M'zigamulo zambiri za makhoti athu malire amene akhala akutchulidwa ndi K5 miliyoni, ndipo kuvulala kwakukulu kumapitirira pamenepo mosavuta. Khoti likagamula ndalama yoposa malirewo, yotsalayo imachokera kwa dalaivala ndi mwini galimoto. Ngati simunawaike pa chisamani, yotsalayo mulibe woifunsa. Funsani kuti muone malire a policy imeneyi polembedwa, ndiponso ngati ena amene anavulala pa ngozi yomweyo, monga okwera minibasi, akugawana nanu ndalama yomweyo. Malire a kuvulala ndi malire a katundu wowonongeka kawirikawiri amakhala osiyana.

Kawerengedwe kake kali pawiri. Pali ndalama zimene zatuluka kale m'thumba, monga za chipatala, za lipoti la apolisi, za mayendedwe, ndi phindu la geni limene latayika kuyambira tsiku la ngozi. Izi khoti limafuna kuti zitchulidwe chimodzichimodzi pa chisamani ndipo zikhale ndi umboni. Chopanda risiti nthawi zambiri chimagwa.

Kenaka pali zimene zilibe risiti: ululu ndi kuzunzika, kulephera kuchita zimene munthu ankachita ali bwino monga kulima, kuyenda mtunda kapena kupalasa njinga, zipsera ndi kupunduka kwa thupi, komanso kuchepa kwa mphamvu yopezera ndalama m'tsogolo. Palibe tebulo loti ntchafu ndi ndalama zakuti. Registrar wa High Court kapena womuthandiza amayang'ana milandu ina ya kuvulala kofanana imene yagamulidwa posachedwa, n'kuganiziranso mmene kwacha yagwera kuchokera nthawi imeneyo. N'chifukwa chake loya wabwino amabweretsa zigamulo zatsopano, osati za zaka khumi zapitazo. Pa za m'tsogolo amatenga ndalama imene munthu ankapeza pa chaka, n'kuchulukitsa ndi zaka zimene akanagwirabe ntchito, koma zakazo amazichepetsa poganizira kuti ndalama ikuperekedwa nthawi imodzi komanso kuti moyo uli ndi zogwa mwadzidzidzi. Wovulalayo amafunika kukaonekera yekha, kufotokoza ndi kusonyeza zipsera. Lipoti la dokotala limathandiza, koma sililankhula m'malo mwake.

Chinanso chimene anthu sachiyembekezera: lipoti la apolisi si chigamulo. Kampani ikhoza kukana kuti dalaivala wawo ndiye analakwa, kapena kunena kuti onse awiri analakwitsa. Ku khoti, lipoti loperekedwa ndi munthu amene sanalilembe likhoza kutsutsidwa kuti ndi zongomva. Ndiye mboni zoona ndi maso n'zofunika kwambiri. Amene anali m'galimoto ya alamu anu, ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, wa lole uja ngati anaima, pezani maina ndi manambala awo a foni tsopano anthu asanabalalike. Khoti likapeza kuti wovulala anathandizira ngoziyo kapena kukula kwa mabala ake, mwachitsanzo ankathamanga kwambiri kapena sanamange lamba, limadula chipukuta misozi molingana ndi gawo lake la kulakwa.

Pa za loya, pitani nokha ku ofesi yake. Chenjerani ndi anthu amene amazungulira m'mawodi a zipatala kutenga mapepala a ovulala n'kumati nkhani akuyendetserani. Pamenepo ndi pamene zimachitika kuti ndalama inatuluka kalekale koma mwini wake sakudziwa. Mugwirizane ndi loya polemba za malipiro ake musanayambe, ndipo ndalama ikatuluka mupemphe kuona kalata ya kampani yosonyeza ndalama yonse imene yaperekedwa, ya chipukuta misozi payokha, ya zolipira mlandu payokha. Ngati banja silingakwanitse loya, Legal Aid Bureau ilipo chifukwa cha zomwezi. Madandaulo okhudza loya amapita ku Malawi Law Society.

Nangozo

Zikomo kwambiri a Chisale ndi a Mbewe, mwatitsegula maso. Mafunso awiri atsala. Nanga tikapeza kuti minibasiyo inalibe inshuwalansi yogwira ntchito, ndiye kuti zathera pomwepo? Chachiwiri, alamu anga salandira malipiro a pamwezi, ndi a geni. Tisonyeza bwanji ndalama imene amapeza?

Nachanza

Sizinathere pomwepo ayi, a Nangozo, kungoti njira imatalika. Mangawa a ngozi ali pa dalaivala ndi bwana wake, inshuwalansi imangowalipirira. Ikapanda kukhalapo, amalipira okha. Mukawina mlandu iwo n'kukana kulipira, khoti limatha kutuma a sheriff kukalanda katundu, kuphatikizapo minibasi imene, kapena kulamula kuti ndalama zichotsedwe ku akaunti yawo ya ku banki. Vuto limakhala pamene munthuyo alibe kanthu m'dzina lake. Choncho fufuzani msanga kuti minibasiyo inalembetsedwa m'dzina la ndani ku Road Traffic. Magalimoto ambiri amagulitsidwa popanda kusintha umwini, ndiye amene mukumutcha mwini ndi amene ali pa blue book akhoza kukhala anthu awiri osiyana. Loya ayenera kudziwa zimenezi asanalembe chisamani.

Musiyanitsenso zinthu ziwiri. Policy imene kunalibe n'komwe ndi nkhani ina, policy imene inalipo koma mwini wake anaphwanya zina mwa mfundo zake ndi nkhani inanso. Pa yachiwiriyi musavomere msanga kampani ikangoti "sitilipira chifukwa kasitomala wathu analakwitsa". Gawo 148 lomwelo limateteza wovulala ku zifukwa zambiri zotere, ndipo kampani imatha kulipira wovulala kenaka n'kukalonjerera ndalama yake kwa kasitomala wakeyo. Akakana, akane polemba kalata yotchula chifukwa, ndipo kalatayo muipititse kwa loya.

Ngati zafika poti mugwirizane ndi mwini minibasi, palibe cholakwika, bola zichitike mwadongosolo. Mgwirizano ulembedwe, utchule ndalama yonse, masiku olipira, ndi chimene chichitike akaphonya. Ngati alipira pang'onopang'ono, ndi bwino mlandu ulowe kaye ku khoti kenaka mgwirizanowo usainidwe ngati chigamulo chogwirizana, kuti akasiya kulipira musayambirenso pachiyambi. Kapepala kosainirana kunyumba, mboni zake achibale okhaokha, kamavuta kukakamiza.

Za geni, umboni ulipo wambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Pemphani sitetimenti ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ya miyezi ingapo ngozi isanachitike ndi ya pambuyo pake, kusiyana kwake kuoneke. Onjezani sitetimenti ya ku banki ngati ilipo, ziphaso za mumsika, kope limene amalembamo matumba ogula ndi ogulitsa, mabuku a banki m'khonde, ndi mboni imodzi kapena ziwiri mwa anthu amene amapikulana nawo. Chofunika ndi phindu, osati ndalama yonse yodutsa m'manja, ndiye muwerenge mochotsera mtengo wogulira ndi wa mayendedwe. Musakokomeze, chifukwa loya wa kampani adzafunsa mafunso pa nambala iliyonse ndipo imodzi ikagwa zina zonse zimakayikiridwa. Pakasowa umboni uliwonse, makhoti kawirikawiri amangotengera malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa, ndipo kwa munthu wa geni yoyenda bwino kumeneko ndi kuluza.

Kampani ikapereka mtengo wake, idzakupatsani fomu yosaina yoti mwalandira zonse ndipo simudzafunanso kanthu. Mtengo woyamba si wokakamiza, mukhoza kuukana polemba n'kupereka zifukwa. Koma mukasaina, chitsulo chikadzavuta chaka chamawa simungabwererenso. Ngati kampani ikungokhala chete kapena yavomera kulipira koma ndalama sikutuluka, lembani dandaulo kwa akuluakulu ake kaye, kenaka kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani onse a inshuwalansi. Muphatikize makalata aja okhala ndi chidindo. Kumbukirani kuti dandaulo limeneli nalonso siliimitsa zaka ziwiri zimene a Mbewe anena.

Gama

Ine ndisiyaneko pang'ono ndi anzanga pa mbali ya galimoto yokha. Ngati mwini minibasi ali ndi ndalama m'manja yokwanira kukonza galimoto, kulandira si kulakwa, chifukwa galimoto ikakhala pa galaja miyezi yambiri imawonongekeratu: batire imafa, matayala amaphwa n'kung'aluka, mvula imalowa, zipangizo zimasowa, ndipo eni galaja ena amalipiritsa malo. Koma pepala losainirana linene momveka kuti ndalamayi ndi ya kuwonongeka kwa galimoto nambala yakuti basi, ndipo nkhani ya kuvulala ikadalipo. Mawu oti "nkhani yonse yatha" asapezekepo. Loya aliwerenge musanasaine, ndipo kampani ya inshuwalansi muidziwitse kuti mbali ya galimoto yalipidwa, kuti pasadzaoneke ngati mukufuna kulandira kawiri.

Musanatchule mtengo, galimoto iyang'anidwe bwino. Kugundana kwa kutsogolo kumabisa zambiri. Zooneka ndi bampala, boneti, magetsi, radiator ndi galasi, koma ndalama yeniyeni ili mkati. Makaniko aone ngati chassis yapindika, ayeze kutalika kwa pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo mbali zonse ziwiri, aone steering rack, ma shock, ma control arm, zogwirira injini ndi giyabokosi. Ngati ma airbag anaphulika, pafunika ma airbag ena, kompyuta yake, malamba amene anakoka n'kuuma, ndipo nthawi zina dashibodi yonse. Kotesheni yongoyang'ana kunja imatsika kwambiri, ndipo mukalandira ndalama ya pamenepo zotsalazo mudzalipira nokha. Kotesheni ikhale ndi tsiku, chifukwa mitengo ya zipangizo sikukhazikika.

Mtengo wokonzera ukayandikira mtengo wa galimotoyo, assessor amati ndi write-off. Pamenepo amalipira mtengo umene galimotoyo ikanagulidwa pamsika tsiku la ngozi isanagundidwe, osati umene munagulira, komanso osati wa galimoto yatsopano. Mukafuna kusunga chiphakasa chake, amachotsera mtengo wa chiphakasacho. Ngati mukuona kuti mtengo wawo watsika, bweretsani mitengo ya magalimoto a mtundu womwewo, chaka chomwecho, kwa ogulitsa awiri kapena atatu, kapena lipirani woyesa mtengo wanu. Chassis ikapindika kwambiri ine ndimalangiza kuvomera write-off, chifukwa galimoto yowongoledwa mwachisawawa imadya matayala, imakokera mbali imodzi, ndipo singatetezenso munthu ikadzagundidwa kachiwiri.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi comprehensive, inshuwalansi yolipiranso kuwonongeka kwa galimoto yanu yomwe, njira yanu ndi yaifupi: kampani yanu imakukonzerani, inu n'kulipira excess, kenaka iyo imakalonjerera ndalama kwa wolakwa. Koma muidziwitse ngozi ikangochitika, m'masiku amene policy yanu yatchula, ndipo musavomere kulakwa kapena kulonjeza munthu ndalama pamalo a ngozi. Onaninso mtengo umene munalembetsa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya magalimoto n'kukwera, koma anthu ambiri amangobwereza mtengo wakale chaka ndi chaka. Tiyerekeze kuti galimoto ya K20 miliyoni munailembetsa pa K10 miliyoni. Ikakhala write-off simulandira zoposa K10 miliyoni, ndipo ngati policy ili ndi mfundo ya average, yoti kampani imalipira molingana ndi gawo la mtengo limene munalembetsa, ngakhale pa kukonza kwa K4 miliyoni kampani ikhoza kupereka theka lokha, n'kuchotsanso excess. Ngati galimoto munailembetsa kuti ndi yoyendera panokha koma mumanyamulira matola, nenani kuti asinthe policy, chifukwa pa kuwonongeka kwa galimoto yanu chimenecho ndi chifukwa chokwanira kukanira claim.

A Nangozo, sabata ino yambani ndi ziwiri: kukatsimikiza ku kampani kuti policy ya minibasi inali yamoyo pa tsikulo, ndi kupeza manambala a mboni. Yankho la kampani ndi limene likuuzeni kuti mwini minibasi mukambirane naye motani.